Blantyre mpaka Lilongwe pa njinga, malungo atangokusiyani

Amene akukonzekera ulendo wautali wa pa njinga kawirikawiri amayamba ndi kusankha tsiku lonyamuka, kenako n'kumawerenga masabata otsala. Zimenezi zimayenda ngati thupi lili bwino. Malungo akalowerera pakati, kapena BP ikayamba kuvuta, kapena shuga akamakwera n'kumatsika, tsiku lija liyambe laima kaye. Munthu wongochira kumene thupi limamunamiza. Akakhala pakhonde amamva ngati mphamvu zonse zabwerera, nsima akumaliza mitanda yake yonse, koma akafika pachitunda choyamba mtima umamveka m'makutu, miyendo n'kulemera, m'maso n'kuchita mdima. Kuti mudziwe ngati thupi lakonzeka kupalasa maola 6, pamafunika kuyeza, osati kungodzimvera.

Kuti tisalankhule m'malere, titenge msewu wa M1 kuchokera ku Blantyre kukafika ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 310. Blantyre ali pamalo okwera mamita opitirira pang'ono 1,000. Mukadutsa Lunzu ndi Lirangwe mumatsetserekera ku mlatho wa Shire pa Zalewa. Kuchoka pamenepo, kudzera ku Phalula mpaka pa Chingeni, ndi dera lotsika komanso lotentha. Kenako msewu umayamba kukwera, kudutsa pa boma la Ntcheu, n'kumatsata malire a Mozambique cha pa mphambano ya ku Tsangano ndi pa Lizulu, mpaka ku Dedza, pa mamita pafupifupi 1,600. Makilomita 85 otsala kukafika ku Lilongwe ndi otsika kwambiri, ngakhale tizitunda ta cha ku Linthipe ndi Nathenje sitisowa. Wamphamvu zake amatha ulendowu masiku awiri kapena atatu. Wochokera m'matenda augawe masiku anayi, makilomita 70 mpaka 90 patsiku, podziwa kuti tsiku lachitatu, la Ntcheu mpaka Dedza, ndilo lidzamufunse mafunso.

Nyengo yabwino ndi Meyi mpaka Ogasiti. Kumakhala kozizira, udzudzu umachepa, ndipo mphepo ya mwera, yochokera kumwera chakum'mawa, nthawi zambiri imakhala kumsana kwa munthu wolowera ku Lilongwe. N'chifukwa chake ndi bwino kuyambira ku Blantyre osati ku Lilongwe. Okutobala ndi Novembala musayese n'komwe. Dzuwa la ku Phalula miyezi imeneyo limagwetsa ngakhale anyamata a kabaza ozolowera.

Yambani ndi mtima

Chida choyamba ndi zala ziwiri ndi wotchi ya pa foni. M'mawa mukangotsegula maso, musanadzuke, ikani chala cholozera ndi chapakati pamtsempha wa pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu. Werengani kugunda kwa masekondi 30, muchulukitse ndi 2, mulembe m'kope. Chitani zimenezi tsiku lililonse. Mtima wa munthu wamkulu umagunda pakati pa 60 ndi 100 pa mphindi akakhala phee, ndipo wozolowera njinga amakhala cha kumunsi kwa manambalawa. Pakatha sabata mudzadziwa nambala yanuyanu. Tsiku limene yakwera ndi 10 kapena kuposa, njinga igone m'nyumba. Nthawi zambiri kukwera kumeneku kumabwera tsiku limodzi kapena awiri thupi lisanayambe kutentha, kapena kumasonyeza kuti dzulo munapyola muyeso, kapena kuti madzi achepa m'thupi.

Lamulo losakambirana ndi ili: thupi likutentha, osapalasa. Ena amati akatuluka thukuta malungo atha. Sizoona, ndipo pa matenda ena otentha thupi, makamaka oyamba ndi mavairasi monga chimfine chachikulu, kudzipanikiza kungatupitse mnofu wa mtima. Dikirani kuti papite masiku awiri athunthu thupi lisakutentha, popanda panado wobisa kutenthako.

Magazi

Tizilombo ta malungo timaswa maselo ofiira a magazi, amene amanyamula mpweya kupita ku minofu. Kapamba nako kamachotsa maselo ena ngakhale abwinobwino, ndipo mafuta a m'mafupa amachedwa kupanga atsopano. Choncho mankhwala a malungo a LA akatha, kutentha kumatha, koma magazi amakhala akadali ochepa kwa masabata angapo. Apa m'pamene pamagona befu wa pachitunda uja.

Pitani kuchipatala ndi buku lanu mukapemphe kuti akuyezeni kuchuluka kwa magazi, kumene achipatala amalemba kuti Hb. Bungwe la WHO limati mwamuna wamkulu wapereweredwa magazi akatsika pansi pa 13, mkazi amene sali woyembekezera pansi pa 12. Mukakhala pansi pang'ono pa manambalawa mutha kupalasa mofatsa pamalo osalala. Mukakhala pansi pa 10, zoyeserera zitunda zidikire, ndipo adokotala afufuze chifukwa chake, popeza likodzo, njoka za m'mimba, kapena kutaya magazi ambiri posamba zimatha kubisala kumbuyo kwa malungowo. Yezetsaninso pakatha mwezi. Ngati nambala siikusuntha, tsiku lonyamuka lisunthe ndilo.

Akakupatsani mapiritsi owonjezera magazi, musamwere tiyi. Tiyi ndi khofi zimatchinga ayironi kulowa m'thupi, ndiye pazidutsa ola limodzi kapena awiri. Mwerani madzi, ndipo pambali pakhale lalanje, gwafa kapena madzi a malambe. Chimbudzi chikada musadabwe, ndi mapiritsiwo. Thupi likamalandira bwino, Hb imakwera ndi 1 kapena 2 pa masabata atatu kapena anayi, ndipo mapiritsi amapitirizidwa miyezi itatu nambala itabwerera m'malo, kuti nkhokwe ya m'thupi idzadze. Pa mbale pasamasowe usipa, matemba, nyemba, bonongwe, chisoso, ndi chiwindi ngati thumba lilola.

Amene anagonekedwa ndi malungo aakulu n'kubayidwa jakisoni wa artesunate asamale kwambiri. Kwa anthu ena magazi amayambanso kusweka patatha sabata imodzi mpaka atatu, munthu ali kale kunyumba akudziona ngati wachira. Zizindikiro zake ndi kufooka kobwera mwadzidzidzi, maso achikasu ndi mkodzo wakuda. Woteroyo ayezetse magazi pakatha sabata ndiponso pakatha masabata awiri, ndipo mwezi woyamba wonse akhale woyenda pansi basi.

Chinanso chimene ambiri sadziwa ndi cha kapamba. Malungo amakatupitsa, ndipo kapamba kotupa kamang'ambika msanga munthu akagwa n'kumenya handulo ndi mimba. Pemphani adokotala akugwireni kumanzere m'munsi mwa nthiti. Ngati kakumveka, musakwere njinga mpaka kataphwa. Mukagwa n'kumva kupweteka mbali imeneyo kapena paphewa lakumanzere, pamodzi ndi chizungulire, thamangirani kuchipatala ngakhale pakhungu pasakuoneka bala.

LA yekha amwedwe mpaka kumapeto: kawiri patsiku, masiku atatu, mapiritsi anayi nthawi iliyonse kwa munthu wamkulu, pamodzi ndi chakudya chokhala ndi mafuta pang'ono monga mkaka kapena phala la nsinjiro, chifukwa popanda mafuta mankhwalawa salowa bwino. Thupi likatenthanso mwezi usanathe, auzeni achipatala kuti mwangomwa kumene LA. Kachipangizo koyezera pachala kaja kamatha kusonyezabe malungo kwa masabata angapo tizilombo titafa kale, ndiye pamafunika kuyeza pa maikulosikopu.

Mankhwala amene mukumwa kale

Gawo ili ndi limene anthu amalumpha, komanso ndi limene limagoneka anthu m'chipatala.

Tiyambe ndi brufen ndi diclofenac, amene apanjinga ambiri amangomeza bondo likayamba kulira. Munthu akamatuluka thukuta tsiku lonse magazi opita ku impso amachepa kale, ndipo mankhwalawa amawachepetsanso. Ngati mukumwanso enalapril kapena HCTZ a BP, kapena ma ARV okhala ndi tenofovir, impso zimapanikizidwa mbali zonse. Paulendo tengani panado, mapiritsi awiri a 500 mg, osapitirira kanayi patsiku, ndipo bondo mulifunse chimene chalakwika pa chishalo m'malo molitseka pakamwa.

A BP ayeze kawiri kapena katatu pa sabata, atakhala pansi kwa mphindi zisanu. Ikafika 180 pa 110, tsiku limenelo si lopalasa, ndi lopita kuchipatala. HCTZ amakodzetsa, motero madzi ndi mchere zimatha msanga m'thupi, ndipo kukokana kwa minofu kumabwera mosavuta. Musamusiye nokha. Auzeni adokotala za ulendowu pasadakhale, iwo ndiwo aone ngati pakufunika kusintha. Amene ali pa atenolol adziwe kuti mankhwalawa amaletsa mtima kuthamanga, ndiye kuwerenga kugunda pachitunda sikuwauza zoona. Iwo ayese ndi pakamwa: ngati simungathe kumaliza chiganizo osadula mpweya, mwapanikiza. Ndipo mukafika pamwamba pa chitunda musangoima n'kutsika nthawi yomweyo. Palasani pang'onopang'ono mphindi ziwiri kapena zitatu, kuopa kuti magazi angatsalire m'miyendo inu n'kugwa ndi chizungulire.

A shuga nkhani yawo yagona pa mtundu wa mankhwala. Metformin yekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri. Glibenclamide ndi insulin zimatsitsa, ndipo zimatha kutero usiku muli m'tulo, maola ambiri mutatsika panjinga. Yezani musananyamuke, pakati pa ulendo ola lililonse kapena awiri, ndiponso pogona. Akakhala pansi pa 5, kapena 90 pa makina owerenga manambala aakulu, idyani kaye. Akatsika pansi pa 4, kapena 70, kapena mukayamba kunjenjemera, kutuluka thukuta lozizira ndi kusokonezeka, imani pomwepo, imwani masupuni aang'ono anayi a shuga m'madzi kapena theka la botolo la Coca-Cola la 300 ml, dikirani mphindi 15, muyezenso. Akapitirira 14, kapena 250, ndipo mukumva ludzu ndi kufooka, musanyamuke. Mlingo wa mankhwala pa masiku opalasa kwambiri nthawi zambiri umafunika kuchepetsedwa, koma wochepetsa akhale dokotala ataona manambala a m'kope lanu. Insulin isakhale m'chikwama chowombedwa ndi dzuwa pa kaliyala. Ikulungeni m'kansalu konyowa, muike pakati pa zovala. Madzulo aliwonse yang'anani mapazi, chifukwa thuza la nsapato limene simunalimve limasanduka chilonda.

Kuyambira 2019 anthu ambiri a pa ma ARV m'Malawi ali pa mankhwala okhala ndi dolutegravir. Amenewa saletsa munthu kupalasa. Chofunika kudziwa n'chakuti dolutegravir amagwirana ndi ayironi, kashiamu ndi mankhwala a chilungulira, n'kulephera kulowa bwino m'magazi. Ngati akupatsani mapiritsi owonjezera magazi, imwani ma ARV maola awiri musanamwe mapiritsiwo, kapena maola 6 mutawamwa. Nyamulani ma ARV opitirira masiku a ulendo, m'kabotolo kosalowa madzi.

Atatu otsiriza: ciprofloxacin, amene amaperekedwa pa matenda ena a m'mimba ndi a chikhodzodzo, amafooketsa mtsempha waukulu wa kuseri kwa chidendene, ndipo vutoli limatha kubwera ngakhale patapita masabata. Mukamva kupweteka pamenepo siyani kupalasa. Doxycycline amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa, ndiye valani malaya aatali manja. A mphumu apope salbutamol kawiri mphindi 15 asananyamuke, makamaka m'mawa wozizira wa ku Dedza ndi nthawi imene tchire likupsa.

Kubwerera pa chishalo

Werengerani masabata 10 mpaka 12 kuchokera tsiku limene Hb ndi kugunda kwa mtima zabwerera m'malo, osati tsiku limene munamaliza mankhwala. Masiku oyamba ndi oyenda pansi, mphindi 20 mpaka 30. Sabata yoyamba ya njinga ikhale ya maulendo atatu a theka la ola pamalo osalala, pa liwiro loti mutha kucheza ndi mnzanu osadula mawu. Zidzakunyansani chifukwa kale mumapita kutali, koma musapupulume.

Kuyambira sabata yachiwiri, ulendo umodzi pa sabata ukhale wautali, ndipo muziwonjezera makilomita 8 mpaka 10 okha: 20, 30, 40, motero. Ena awiri akhale aafupi, a mphindi 45 mpaka ola. Sabata yachinayi iliyonse dulani zonse ndi theka. Thupi limamanga mphamvu pa masiku opuma, ndipo wochokera m'matenda akamana thupi mpumulo matenda ena amalowa. Zitunda ziyambe sabata yachisanu. Okhala ku Blantyre sasowa pophunzirira, mzindawu ulibe malo osalala ambiri.

Chimene chimasiyanitsa ulendo wa masiku anayi ndi wa tsiku limodzi ndi kudzuka m'mawa miyendo ili yolemera n'kukweranso. Choncho kuyambira sabata ya 7 muzipalasa masiku awiri otsatizana, mwachitsanzo makilomita 60 Loweruka ndi 40 Lamulungu, katundu yense wa paulendo atamangidwa pa kaliyala. Mukafika popalasa 70 lero ndi 60 mawa, Lolemba m'mawa mtima n'kugunda pa nambala yake ya nthawi zonse, ndiye kuti mwakonzeka. Masiku 7 mpaka 10 omaliza chepetsani kwambiri, muzingotenthetsa miyendo.

Nanga matenda akabweranso pakati? Zimachitika, ndipo apa m'pamene anthu amachita makani. Chimfine cha m'mphuno chokha, popanda kutentha thupi kapena chifuwa, sichiletsa kupalasa mofatsa theka la ola. Kutentha thupi, chifuwa cholowa pansi, kusanza kapena kutsekula m'mimba zimaimitsa zonse. Mukachira, pa tsiku lililonse limene munadwala perekani masiku awiri opalasa mopepuka, ndipo muyambirenso pa mtunda wa masabata awiri m'mbuyo. Musayese kubweza masabata otayika powunjika makilomita. Thupi likatentha kutatsala masabata awiri kuti munyamuke, sunthani ulendo. Ngati anzanu sangadikire, kwerani basi mukawapeze ku Dedza, mupalase nawo tsiku lomaliza lokha.

Njinga igwirizane ndi thupi lofooka

Kupweteka kwa bondo nthawi zambiri kumachokera ku chishalo. Khalani pa chishalo mutatsamira khoma, ikani chidendene pa pedulo ili pansi penipeni. Mwendo uwongoke osapendeketsa chiuno. Mukabweza phazi kuti muponde ndi kutsogolo kwake, bondo lidzapindika pang'ono, ndipo m'pamene pafunika. Kupweteka kutsogolo kwa bondo kumasonyeza kuti chishalo chatsika, kuseri kwa bondo kuti chakwera. Sinthani mamilimita 3 mpaka 5 okha nthawi imodzi, mupalase masiku awiri, muone. Mukapeza malo ake lembani chizindikiro pa chitsulo. Chishalo chikhale chosapendekeka. Chikaloza m'mwamba kumachita dzanzi kumaliseche, chikaloza pansi thupi lonse limatsamira m'manja.

Magiya ndiwo amapulumutsa munthu wa magazi ochepa. Giya yolemera imadya bondo ndipo imakweza BP chifukwa munthu amagwira mpweya pokankha. Giya yopepuka, miyendo ikuzungulira ka 80 mpaka 90 pa mphindi, imagawa ntchito bwino. Pa zitunda za ku Ntcheu ndi katundu mufunika giya yoti mano akutsogolo alingane ndi akumbuyo kapena achepe, monga 28 kutsogolo ndi 32 kumbuyo. Njinga ya kapalasa yopanda magiya imafika ndithu ku Lilongwe, koma uzani amakanika achotse fuliwilo ya mano 18 aike ya 22, awonjezere tcheni pang'ono. Pamalo osalala mudzachedwa, pachitunda mudzathokoza. Kutsika n'kukankha si manyazi. Amalonda a makala amatero tsiku ndi tsiku, ndipo amafika.

Njinga ipite kwa amakanika kutatsala masabata awiri, osati dzulo lake, kuti chimene chamangidwa molakwika chionekere muli pafupi ndi kwanu. Aone masipoko, mabelingi, kotapini ngati njinga ndi yachikale, ndi mabuleki. Tcheni yezani ndi rula: kuchokera pa pini yoyamba kufika pa pini ya 25 payenera kukwana masentimita 30.5. Chikatalika ndi mamilimita awiri sinthani, apo ayi chimadya mano n'kuyamba kulumpha pachitunda. Pa mtsetse wautali ngati wolowera ku Zalewa musagwire mabuleki mosalekeza. Rimu imatentha mpaka chubu kuphulika, ndipo buleki yopondera kumbuyo imapsereza girisi wa m'habu. Gwirani mwamphamvu, siyani, gwiraninso, ndipo muziima kuti zizizire.

M'chikwama mukhale machubu awiri, zigamba, solushoni, pampu yogwirizana ndi valavu yanu, masipanala, masipoko atatu ndi kachidutswa ka tcheni. Pomata, palani chubu, pakani solushoni wochepa, dikirani mphindi zitatu mpaka zisanu aume mpaka asiye kunyezimira, kenako dindani chigamba mwamphamvu. Zigamba zambiri zimamatuka chifukwa chomata solushoni akadali wonyowa. Musanabweze chubu, yendetsani chala m'kati mwa tayala kufufuza munga kapena waya. Mukapeza timabowo tiwiri toyandikana, ndiye kuti mpweya unali wochepa ndipo rimu inatsina chubu pa dzenje. Katundu yense asapitirire makilogalamu 8 mpaka 10, ndipo akhale pa kaliyala, osati kumsana.

Za pa matako tinene mosabisa. Chovala cham'kati chokhala ndi msoko pakati chimapala khungu, thukuta n'kulowa, tsiku lachitatu chithupsa. Kabudula wa apanjinga wa siponji, wopezeka nthawi zina pa kaunjika, amavalidwa popanda china m'kati. Pakani Vaseline m'mphechepeche musananyamuke, imirirani pa mapedulo masekondi angapo mphindi 15 zilizonse, ndipo mukafika sambani, chapani kabudulayo, muvale zouma.

Kudya ndi kumwa panjira

Musadikire njala. Ulendo ukapitirira ola ndi theka thupi limafuna magalamu 30 mpaka 60 a chakudya chopatsa mphamvu pa ola. Nthochi imodzi yapakatikati ili ndi magalamu pafupifupi 25, ndiye nthochi ziwiri pa ola, kapena nthochi ndi chidutswa cha mbatata yophika, kapena buledi wopaka chiponde. Nsima yambiri masana imagonetsa, isungireni madzulo. Chipisi cha pachiwaya ndi nyama yootcha ya m'mbali mwa msewu zidikire tsiku lofika, chifukwa m'mimba mwa munthu wongochira simuchedwa kutseguka. Chilichonse chimene mudzadye paulendo chiyesedwe kale pa masiku ophunzira.

Madzi, theka la lita mpaka 750 ml pa ola kukatentha, pang'onopang'ono osati kamodzi. Kuti mudziwe mlingo wanu, dzipimeni pa sikelo musanapite ndi mutabwera ku ulendo wautali wophunzira. Kilogalamu imodzi yotayika ndi lita imodzi ya madzi, ndipo munthu wa makilogalamu 65 asataye kuposa kilogalamu imodzi ndi theka. Mkodzo ukhale wachikasu chotuwa. Madzi okhaokha ambirimbiri nawonso ndi oopsa, amasungunula mchere wa m'magazi mpaka mutu kupweteka, kusanza ndi kusokonezeka. Choncho botolo limodzi mwa atatu likhale la Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi. Akasowa, sakanizani masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita. A BP ndi a impso afunse kaye za mlingo wa mcherewu. Madzi a pa mjigo kapena ogula m'majumbo thirani WaterGuard motsatira malangizo a pa botolo, mudikire mphindi 30.

Pamsewu

Nyamukani kukangoyera, cha m'ma 6 koloko m'miyezi yozizira, kuti makilomita ambiri athe dzuwa lisanafike paliwombo. Mu Juni limalowa cha m'ma hafu pasiti 5, ndipo M1 si msewu wopalasa usiku. Malo ambiri m'mphepete mwa phula ndi modyeka, mathiraki ndi mabasi amadutsa pafupi, ndipo mphepo yawo imakoka njinga. Mukamva thiraki kumbuyo kwinaku ina ikubwera kutsogolo, tsikani m'fumbi. Helemeti, chovala chowala ndi nyali yofiira kumbuyo zisatsale. Musayende nokha. Mnzanu adziwe matenda anu, mankhwala amene mukumwa ndi thumba limene muli shuga. M'thumba la malaya mukhale kapepala ka dzina lanu, mankhwala anu ndi nambala ya wachibale, pamodzi ndi buku la kuchipatala m'pulasitiki. Ndalama ya minibasi ya munthu ndi njinga ikhale padera, yosakhudzidwa. Ubwino wa msewu umenewu ndi woti magalimoto sasowa, ndipo ku Balaka, ku Ntcheu ndi ku Dedza kuli zipatala za boma.

Pali zizindikiro zimene sizifuna kupuma pansi pa mtengo n'kuona ngati zisintha. Kupweteka kapena kuthina pachifuwa, makamaka kolowera kudzanja kapena kunsagwada. Mtima kugunda modumphadumpha. Befu wosatha mutapuma mphindi 10. Kukomoka ngakhale kwa kamphindi. Mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka. Kusakodza tsiku lonse. Chilichonse mwa izi ulendo wathera pomwepo. Mnzanu akayamba kulankhula zosamveka, kupepesuka panjinga kapena kukwiya popanda chifukwa dzuwa likuswa mtengo, muikeni pamthunzi, m'vuleni zothina, m'thireni madzi thupi lonse n'kumamukupiza, ndipo imitsani galimoto. Ngati ali wa shuga ndipo akutha kumeza, m'patseni chotsekemera kaye. Amene sakutha kumeza musamuthire kanthu m'kamwa.

Neti nyamulani yanu, pamodzi ndi chingwe chomangira. Za m'malo ogona alendo nthawi zambiri zimakhala zobooka kapena kulibe, ndipo usiku wa kuchigwa cha Shire udzudzu umakhalapo ngakhale mu Julaye. Kudwala malungo mwezi watha sikuteteza munthu kuti asadwalenso. Kope la kugunda kwa mtima lipitirire m'mawa uliwonse wa ulendo. Nambala ikakwera ndi 10, khalani tsiku limodzi pamene mulipo, ndipo n'chifukwa chake ulendo wa masiku anayi umapemphedwera tchuthi cha masiku asanu.

Mukafika ku Lilongwe pumani sabata yathunthu, muziyenda pansi pang'ono, kudya ndi kugona mokwanira. A shuga apitirize kuyeza pafupipafupi masiku awiri oyamba, popeza minofu imakhala ikukokabe shuga m'magazi. Malungo otengedwa panjira amaonekera pakatha sabata imodzi kapena awiri, ndiye mutu ukayamba kupweteka kapena thupi kuphwanya nthawi imeneyo musanene kuti ndi kutopa kwa njinga, kayezetseni tsiku lomwelo.